Chingwe cha Zilembo cha Achimwene

Achimwene anabwerako ku Tete m'nyengo ya chisanu, kachewere atakumbidwa kale. Ndinapita kukawachingamira pa msika wa Tsangano. Anatsika shapa, kaminibasi ka kwathu kuno, ndi thumba la zovala, ndi komputadoro yakale yokulungidwa m'chitenje cha akazi awo. Ndinaima patsogolo pawo penipeni, koma iwo ankayang'ana kupyola phewa langa, kundifunafuna pakati pa anthu. Nditawapatsa moni m'pamene anatembenuza nkhope, n'kuseka.

"Ndiwe? Wanenepatu, chemwali."

Sindinali nditanenepa. Ankangoona chithunzithunzi cha kapoti wanga wa chisanu.

Anali atagwira ntchito ya makomputadoro ku Tete zaka zambiri, mpaka matenda a shuga anawadya maso, ntchito n'kutha. Lendi ya m'tauni inawakanika. Alamu anatenga ana n'kupita kwawo ku Chidzolomondo kukalima fodya, achimwene n'kubwera kwa amayi, chifukwa kwathu chipatala chili pafupi ndipo mankhwala awo ankapezeka. Panyumba tinali atatu: amayi, iwo, ndi ine. Ine ndinkaphunzitsa ana a kalasi yoyamba pa sikola ya pafupi, m'mawa mokhamokha. Masana ndinali ndi mpata.

Masabata oyamba sankachita kanthu. Ankakhala pakhonde atafunda bulangete, kumvera wayilesi. Amayi akawapatsa nyemba zoti asole ankasola, koma zala zawo zinali zitachita dzanzi, nyemba zambiri zinkagwera pansi nkhuku n'kumatola. Komputadoro ija inangokhala pamwamba pa kabati.

Chimene chinaitsitsa ndi kudandaula kwanga. Ana athu amayamba kuphunzira m'chinenero chathu asanalowe m'Chipwitikizi, koma mabuku ndi ochepa, choncho aphunzitsi timadzipangira tokha ziganizo zowerenga. Ndinkazitola kwa amayi, kwa anthu a pa msika, zina m'mabuku a kutsidya kwa malire. Vuto linali lakuti mabuku a kutsidya amalemba chimanga, pamene a kuno amalemba cimanga, opanda h. Ine ndinaphunzira kuwerenga m'Baibulo la amayi, mpaka lero dzanja langa limalemba ch ndisanaganize. Ndinkafufuta, kulembanso, kufupikitsa, ndipo pofika kumapeto kwa chaka sindinkadziwanso kuti chiganizo chakuti ndinachimva kwa ndani, kapena kumasulira kwake kwa Chipwitikizi ndinakulemba pa pepala liti.

Tsiku lina ndikudandaula choncho, achimwene anazimitsa wayilesi.

"Katenge komputadoro ija," anatero. "Painelo ya dzuwa ija yadzaza bateriya?"

"Yadzaza. Koma muona bwanji?"

"Uona ndiwe. Ulembanso ndiwe. Ine ndizingonena."

Umu ndi mmene ndinayambira kulemba purogarama, ndili mayi wamkulu kale, wosadziwa kanthu kupatula kulemba mayeso a ana.

Anayamba ndi kundifotokozera kuti m'komputadoro mawu ndi zilembo zotungidwa pamodzi monga mikanda pa ulusi. Iwo ankatchula kuti kadeya, ine ndinkati chingwe, mpaka nawonso anazolowera kunena chingwe. Anati m'chinenero chimene ankalembera mapurogarama awo, chingwe ukachitunga watunga. Sungachotsepo chilembo chimodzi n'kuikapo china. Ukalamula kuti chisinthe, makina amatunga chingwe chatsopano, chakale n'kuchisiya.

"Nanga vuto lili pati, poti chatsopanocho ndi chimene ndikufuna?" ndinafunsa.

"Vuto ndi katundu. Iwe ukufuna chiganizo chizinyamula dzina la amene ananena, mudzi wake, ndi Chipwitikizi chake. Ukamangirira zimenezo pa chingwe chakale, ukachotsa h mmodzi yekha, chatsopano chibwera chimanjamanja. Katundu yense watsala uko."

"Ndiye titani?"

"Tipanga chathu. Kunja chizioneka ngati chingwe, kuti purogarama yonse isadabwe nacho. M'kati tiikamo lista ya zilembo, chifukwa lista imalola kuchotsa ndi kuika. Pambali pake tiika matumba a katundu uja. Zimenezi amati kupanga kalasi."

Ndinaseka, chifukwa kwa ine kalasi ndi ana okhala pansi atapinda miyendo. Anati ndiganize za chikombole cha njerwa. Chikombole ndi chimodzi, njerwa n'zambiri, ndipo iliyonse imatuluka ndi maonekedwe amodzimodzi. Kalasi ndiye chikombole, chiganizo chilichonse ndiye njerwa.

Ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya masiku ochepa. Sindinadziwe kuti chinthu chimene wapanga wekha sichidziwa kalikonse mpaka utachiphunzitsa. Chingwe chenicheni chimadziwa kale kutalika kwake, chimadziwa kudulidwa pakati, kufanizidwa ndi chinzake, kudzionetsa pa galasi la komputadoro. Chathu chinali mbuli. Chilichonse mwa zimenezi tinkachilembera kachigawo kake. Achimwene ankakhala pa mpando wa ndalema, nkhope atalozetsa ku dzuwa, n'kumatchula chilembo chimodzichimodzi, ndi zizindikiro zomwe, m'mayina ake a Chipwitikizi.

"Tarasu ziwiri zapansi. L, e, n. Tarasu ziwiri zapansi. Tsegula parentezi. Tseka. Doyishi pontu. Tsika mzere, ulowe m'kati."

Ndikamaliza ndinkawawerengera zonse, ndi mapontu omwe. Nthawi zina ankandiimitsa pakati.

"Bwerera. Wati chiyani pambuyo pa virigula?"

Akamva cholakwa ankagwedeza chala m'mwamba ngati akuthamangitsa ntchentche. Makina akakana, ankatulutsa uthenga wofiira m'Chingerezi, chimene ine sindichidziwa. Ndinkawatchulira zilembo zake, iwo n'kumvetsa ndisanafike n'komwe kumapeto. Amayi ankadutsa ndi lichero, kutiyang'ana, n'kunena kuti tikumveka ngati anthu ophunzira katekisimu.

Tsiku limene kusintha kunatheka koyamba ndimalikumbukira bwino. Tinalowetsa chiganizo cha amayi chakuti chimanga cha m'dimba sichidikira mvula, ndi dzina lawo, ndi mudzi wathu, ndi Chipwitikizi chake. Ndinalamula kuti ch aliyense akhale c. Chinasintha. Kenako achimwene anati ndichifunse kuti mwini wake ndani. Ndinalemba monga ananenera, pa galasi n'kutuluka dzina la amayi. Nditawawerengera, anapempha madzi akumwa. Madzulo ake anadya bwino kuposa masiku onse chibwerere.

Kuyambira pamenepo anasintha. Ankadzuka m'mamawa, kumeta ndevu mopapasa, n'kumandidikira. Ndikamafika kuchokera ku sikola ndinkawapeza milomo ikuyenda, akubwereza mizere imene aikonza m'mutu m'mawa wonse kuti isawathawe. Ankandiletsa kuvula nsapato. "Yamba walemba izi, ndingaiwale."

Sikuti zonse zinkayenda. Tinkakangananso. Ine ndinkafika nditatopa, mutu uli ndi phokoso la ana, iwo n'kumafuna ndiwerenge kachigawo kamodzi kambirimbiri. Tsiku lina ndinawauza kuti ndine mlongo wawo, sindine makina. Anapapasa ndodo yawo n'kukakhala kuseri kwa nyumba, kumene kuli mtengo wa mapichesi. Amayi ndi amene anakawatenga chakudya chitapsa. M'mawa mwake achimwene anandiyankhula ngati sipanachitike kanthu, koma kuyambira tsikulo ankayamba wandifunsa ngati ndadya.

Chinthu chotha kusintha chili ndi ngozi yake, ndipo tinaiona. Amayi anali atatipatsa chiganizo chachitali cha kachewere wobzalidwa mochedwa, mmene chiwawu chimamugwirira mvula ikachuluka, ndi mmene masamba amanunkhira. Chinali chokoma, koma chachitali kwa ana a kalasi yoyamba. Achimwene anati tichiike m'malo awiri, kwina chikhale monga amayi ananenera, kwina ndichifupikitse. Ndinachifupikitsa mpaka chinatsala chakuti kachewere amadwala. Titapita kukaona choyambirira chija, tinapeza nachonso chikuti kachewere amadwala.

Achimwene anagwira kumutu. "Si malo awiri. Ndi chingwe chimodzi chokhala ndi mayina awiri. Ukakoka mbali iyi, mbali inayo ibweranso. Ndinayenera kukuuza kuti tiyambe tapanga kopiya."

Tinaitana amayi kuti abwereze. Anaima pakhomo la khitchini, manja ali ndi phulusa.

"Ndinati chiyani?"

"Za kachewere ndi chiwawu, amayi."

Ananena, koma mwa mtundu wina. Tinawapempha ayesenso, ananenanso mwina. Pomaliza anatopa nafe. "Ine ndinalankhula tsiku lomwelo, zinatha. Lembani zimene ndanena lerozi."

Achimwene anaseka mpaka kutsokomola, koma sabata yonse yotsatira tinaithera pa kuphunzitsa chingwe chathu kudzipangira kopiya pamodzi ndi katundu wake yense, ndiponso kusunga maonekedwe ake akale nthawi iliyonse chisanasinthidwe. Anati chinthu chimene chimalola kusinthidwa chiyenera kukhala ndi pobwerera.

Panatsala chinthu chimodzi chimene sitinagwirizane: kulumikiza. Ukatenga chiganizo cha amayi n'kuchilumikiza ndi cha munthu wina kuti ana akhale ndi kankhani, chotulukacho mwini wake ndani? Ine ndinkati woyambayo. Iwo ankati kutero n'kumubera wachiwiri. Anati aganizirabe, tinachisiya.

Mvula isanayambe, alamu anabwera kudzawaona. Ndi mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, manja ake anali atada ndi ntchito ya nazale ya fodya. Anakhala nafe masiku angapo, kuwachapira, kuwadula zikhadabo. Tsiku lina ndikuchokera ku sikola ndinawapeza onse atatu atakhala pamphasa, amayi maso ali ofiira. Alamu anali atanena kuti kwawo anthu akuwanena kuti anataya mwamuna atachita khungu, ndipo ana akufunsa bambo awo tsiku ndi tsiku. Ankafuna apite nawo.

Ine ndinakana kwambiri. Ndinati ku Chidzolomondo chipatala chili kutali, njira yake mvula ikagwa ndi matope okhaokha, mankhwala akatha adzawapeza kuti. Alamu sananditsutse. Anangoti adzayenda okha kukawatengera.

"Chemwali," achimwene anatero, "wamng'ono uja ndinamusiya akukwawa. Pano akuti akulankhula. Ndikufuna ndikamumve."

Komputadoro anandisiyira, poti kumeneko kunalibe painelo. Anati ndizilowetsa ziganizo, za kulumikiza tidzamaliza pa feriya, sikola ikatsekera. Ananyamuka m'mawa nkhungu isanachoke. Amayi anawaperekeza mpaka pa msewu atawagwira dzanja, ngakhale alamu anali atawagwira kale dzanja linalo.

Feriya itafika ndinapita. Ndinakwera shapa mpaka pamene inathera, kenako mota, njinga yamoto, kenako wapansi pakati pa minda ya fodya wobiriwira. Komputadoro sindinaitenge, kuopa mvula. Ndinawapeza achimwene atagona pamphasa m'chigafa chopanda fodya, chifukwa m'nyumba ankati mukutentha. Anali ataonda, ndipo tsopano sankaonanso ngakhale chithunzithunzi. Phazi lakumanzere linali lokulungidwa nsalu. Alamu anandinong'oneza kuti anaponda chitsa, bala silikupola, anapita nawo ku chipatala pa ngolo, anawatsuka n'kuwapatsa mankhwala, koma likungokula.

Iwo sanafune kukamba za phazi. Anafunsa za amayi, za mapichesi ngati abereka, za ana anga a ku sikola. Kenako anati, "Wabwera ndi cholembera? Za kulumikiza zija ndazipeza. Onse awiri akhale eni ake. Thumba la mwini lisakhale la dzina limodzi, likhale lista. Ukalumikiza zingwe, ulumikizanso malista."

Ndinali ndi mapepala a mayeso akale m'chikwama, ndinalemba kumbuyo kwake. Mvula inayamba kugwa pa udzu wa chigafa, madzi akudontha m'mbali, ine n'kusendera pafupi kuti ndimve. Mawu awo anali otsika, ankapuma pafupipafupi. Koma mizere yonse inali m'mutu mwawo mwadongosolo, kuyambira tarasu zoyamba mpaka pontu womaliza. Nditawawerengera anagwedeza mutu movomereza. Ndikuganiza kuti anali atatopa, sanamvetsere monga ankachitira kwathu pakhonde.

Ndinakhala kumeneko sabata imodzi. Ndinathandiza alamu kupalira, kusambitsa ana, kuwatembenuza achimwene. Apongozi awo, mayi ake a alamu, ankabwera m'mawa uliwonse ndi phala, n'kukhala nawo pamphasa kumawauza nkhani za m'mudzi. Ndinaona kuti akusamalidwa bwino, ndipo mkwiyo umene ndinabwera nawo unatha. Potsanzikana anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Ukalemba, undiuze ngati chayenda."

Sichinayende. Nditafika kwathu ndinakopera zonse mosamala, makina n'kutulutsa uthenga wofiira. Ndinafufuta, kulembanso, uthenga womwewo.

Kumudzi kwa alamu foni imagwira pa chulu china chachikulu, kutali ndithu ndi nyumba. Achimwene sakanatha kufikako. Choncho alamu ankapita pa chulupo masana, ine n'kuwatchulira zilembo za uthenga wofiira uja, iwo n'kulemba, kubwerera kunyumba kukawawerengera amuna awo, mawa lake n'kubwera ndi yankho. Alamu sanapite patali ndi sikola, ndipo zilembo za Chingerezi pa foni yodukaduka zinkafika zitasokonekera. Yankho linkabwera lakuti, "Akuti muone mzere wachitatu," kapena, "Akuti mubwerezenso, sanamve." Ndinawauza kuti asamavutike, ali ndi wodwala ndi munda. Anati, "Mulamu, ndikabwerako pa chulu m'pamene amadzuka n'kukhala tsonga. Musasiye kuimba."

Tinachita choncho kangapo. Kenako tsiku lina alamu anaimba okha, nthawi isanakwane. Anati kuyambira dzulo achimwene sakulankhula, thupi latentha, akufuna ngolo yoti apite nawo ku chipatala koma mtsinje wadzaza. Ndinapempha chilolezo ku sikola n'kunyamuka m'mawa mwake. Ndinafika atamwalira kale.

Mwambo wathu ukanafuna kuti adzagone kwathu, pafupi ndi abale a amayi. Koma mvula inali itadula njira, galimoto silikanafika, ndipo amalume athu atakambirana ndi akuchikazi anavomera kuti aikidwe komweko. Amayi sanathe kubwera. Anakhala maliro a mwana wawo kunyumba, ndi azimayi a mpingo, popanda thupi.

Komputadoro sindinaitsegule miyezi ingapo. Ndinkapita ku sikola, kubwerera, kuthandiza amayi kumunda. Amayi anasiya kudutsa pakhonde masana, ankazungulira kuseri.

Chisanu chitabweranso, tsiku lina lopanda sikola, ndinaitsitsa. Sindinali ndi wondimasulira uthenga wofiira, choncho ndinangoyamba kufanizira mizere yatsopano ndi yakale imene tinalemba pamodzi, umodzi ndi umodzi. Ndinaona kuti paliponse pamene tinkapanga lista, parentezi zake, tizizindikiro totsegula ndi kutseka tija, zinali zamakona. Pa pepala la m'chigafa lija ndinali nditalemba zozungulira. Mwina ananena bwino ine osamva chifukwa cha mvula, mwina anaiwala kutchula. Sindidziwa. Ndinasintha zizindikiro ziwiri zokha.

Ndinatenga chiganizo cha amayi, ndi china chimene ndinamva kwa apongozi a achimwene ku Chidzolomondo chonena za kuthyola fodya mame asanaume, n'kuzilumikiza. Uthenga wofiira sunabwere. Ndinafunsa mwini wake, panatuluka mayina awiri. Ndinachotsa h, ndinafupikitsa, ndinafunsanso, mayina aja analipobe.

Kenako ndinapita kukawapeza amayi, anali akupeta nyemba.

"Amayi, chija tinkapanga ndi achimwene chija chatheka."

Anaika lichero pansi. "Chatha chonse?"

"Chatha."

"Ndiye ukawauze alamu ako. Anayenda nacho kwambiri."

Ndinawaimbira, koma foni sinagwire mpaka patapita masiku. Ndinawauza kuti chatheka. Anati zikomo, n'kufunsa ngati amayi ali bwino.

Purogaramayo ndimaigwiritsa ntchito mpaka lero. Muli ziganizo zambiri tsopano, chilichonse ndi mwini wake ndi mudzi wake. Aphunzitsi anzanga awiri amabwera kudzakopera zina. Sinapite patali kuposa pamenepo, ndipo zina mwa zimene zinalembedwamo sindizimvetsa bwino, ndimangoopa kuzikhudza.

Njira zitauma ndinapita ndi amayi ku Chidzolomondo. Ulendowo unawavuta, pa mota anachita kumangidwa ndi chitenje kumsana kwa woyendetsa. Alamu ndi amalume awo anatiperekeza kumanda. Amayi anagwada, n'kuzula udzu umene unamera pa mtumbira, wonse, osalola kuti wina awathandize. Sanalire mokweza. Atamaliza anapempha madzi osamba m'manja.

Tsiku lobwerera litafika amayi anati iwo satsagana nane. Anati akhala kaye ndi zidzukulu mpaka mvula itayandikira, ndikauze a mpingo, ndipo nkhuku ndizizitsekera madzulo. Ndinayesa kuwakumbutsa za munda, anati munda sukuthawa. Ndinabwerera ndekha, chifukwa Lolemba lake sikola inali kutsegulidwa.